Munthu wa mpikisano wa mphindi zinayi anapambana bwanji Tour de France?

Chitunda_Chachitali:

Akuluakulu a zanjinga, ndithandizeni pa funso lomwe likundizunguza mutu. Bradley Wiggins anatchuka ndi mpikisano wa m'bwalo wa makilomita 4 okha, umene umatha m'mphindi zinayi ndi timasekondi. Golide ku Athens mu 2004, golide wina ku Beijing mu 2008. Kenako mu 2012 munthu yemweyo akupambana Tour de France, ulendo wa masabata atatu, makilomita pafupifupi 3,500, wokwera mapiri a Alps ndi Pyrenees. Kwa ine zikukhala ngati wothamanga mamita 1,500 wadzuka m'mawa wina n'kukapambana marathon. Anasintha chiyani kwenikweni? Thupi, kaphunzitsidwe, njinga, kapena ndi timu imene inamunyamula? Nanga za m'bwalozo zinamuthandiza, kapena zinali mtolo woti ayambe wautula? Ndikufuna manambala ndi zifukwa, osati kungomutamanda.

Sipoko36:

Achimwene, funso lanu lagona pa ganizo loti mpikisano wa mphindi zinayi ndi wa anthu a liwiro laphuma. Si choncho. Aliwiro laphuma ndi a sprint, anthu ngati Chris Hoy, a ntchafu zonga mitondo, amene mphamvu yawo imayaka n'kuzima m'masekondi ochepa. Pa mphindi zinayi mbali yaikulu ya mphamvu imachokera ku mtima ndi mapapo, ndiye kuti ku mpweya umene magazi akufikitsa ku minofu. Wa pursuit, lomwe ndi dzina la mpikisano wa makilomita 4 umenewu, ndi munthu wa mtunda wautali amene waphunzira kukhuthula zonse m'kanthawi kochepa. Injini ya Tour anali nayo kale, kungoti inali m'thupi lolemera.

Tione mmene mpikisanowo umayendera. Bwalo la Olympics ndi la matabwa, kutalika kwake mamita 250, makona ake opendekeka kupitirira madigiri 40. Makilomita 4 ndiye kuzungulira ka 16. Anthu awiri amayambira mbali ziwiri zoyang'anizana, njinga itagwidwa ndi chipata cha makina chimene chimaimasula nthawi ikakwana. Wopambana ndi amene wapeza mnzake, kapena amene wamaliza msanga. Njingayo ili ndi giya imodzi ndipo ilibe mabuleki. Musaifanizire ndi ya kabaza ngakhale nayonso ili ndi giya imodzi: wakabaza akafika pamtsetse amasiya kupalasa n'kupumitsa miyendo, pomwe ya m'bwalo gudumu likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira, kupuma kulibe. Giya imene mwasankha musananyamuke ndiyo mumalizire. Mukasankha yolemera kwambiri mumataya masekondi ponyamuka ndipo miyendo imauma kumapeto. Mukasankha yopepuka mumanyamuka bwino koma pakati miyendo imangopukusa osapita patsogolo.

Ku Beijing, m'chigawo chosankhira, Wiggins anachita mphindi 4 ndi masekondi 15.031. Masekondi 255 pa mamita 4,000 ndi liwiro la makilomita 56.5 pa ola, kuwerengera ndi kunyamuka ali chiimire. Raundi yoyamba imadya masekondi opitirira 20, ndiye 15 zotsalazo ziyenera kugwa pa masekondi 15.6 kapena pafupi pomwepo, iliyonse. Luso lonse lagona pa mawu akuti iliyonse.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri n'kunyamuka mwaukali. Pa liwiro lotere mdani wamkulu ndi mphepo, ndipo mphamvu yolimbana nayo sikwera mofanana ndi liwiro. Kuti muwonjezere liwiro ndi 5 peresenti mufunika mphamvu yowonjezera pafupifupi 16 peresenti. Munthu amene wadya kagawo ka sekondi pa raundi iliyonse mu kilomita yoyamba watenga ngongole ya katapila, adzaibweza mu kilomita yomaliza ndi chiwongoladzanja. Mumamuonera patali: mutu umayamba kudzuka, mapewa kugwedezeka, njinga kuchoka pa mzere wakuda kukwera cha ku wofiira. Mzere wakudawo ndi umene amayezera mamita 250. Wofiira uli pamwamba pake ndi masentimita pafupifupi 65. Mukamazungulira pa wofiira mumawonjezera mamita anayi pa raundi, mamita opitirira 60 pa mpikisano wonse, omwe ndi masekondi anayi otaya chabe. N'chifukwa chake kochi amaima m'mbali mwa bwalo pafupi ndi mzere, n'kumasuntha phazi kutsogolo kapena kumbuyo raundi iliyonse, kuti wopalasa aone ngati ali patsogolo kapena pambuyo pa ndondomeko imene anagwirizana.

Munthu amene wakhala zaka khumi akuchita zimenezi amatuluka ndi zinthu zitatu. Amadziwa malire a thupi lake ngati mmene mayi amadziwira mchere wa ndiwo osayeza. Amatha kugona panjinga, mutu pansi, zigongono pamodzi, kwa nthawi yaitali osataya mphamvu ya m'miyendo. Ndipo sachita phuma akaona mnzake wamusiya, chifukwa anazolowera kupikisana ndi wotchi. Zitatu zonsezi mumaziona mu time trial ya pamsewu, mpikisano umene aliyense amanyamuka payekha, komanso pokwera phiri lalitali.

Koma ndisakunamizeni kuti pursuit payokha n'njokwanira. Chris Boardman, amene Wiggins anamuonera pa TV ali ndi zaka 12 akutenga golide ku Barcelona mu 1992 pa njinga ya Lotus, anali katswiri wa pursuit woposa onse m'nthawi yake. Anapambana kachigawo kotsegulira Tour katatu, mu 1994, 1997 ndi 1998, koma m'mapiri sankapirira, ndipo sanayandikire n'komwe pamwamba pa mndandanda wa mpikisano wonse. Za thupi ndi mapiri ndisiyira ena.

Nachitedze:

A Sipoko36 afotokoza bwino za injini. Ine ndiwonjezere za katundu amene injiniyo imakoka, komanso ndiwongole pang'ono funso lenilenilo. Wiggins sanachoke m'bwalo n'kugwera mu Tour mwadzidzidzi. Kuyambira 2002 anali kale m'matimu a pamsewu a ku France: Française des Jeux, kenako Crédit Agricole, kenako Cofidis. Mtima wake unali ku Olympics, msewu unali wopezera malipiro ndi makilomita a m'miyendo. Tour ya 2006 anaimaliza kunja kwa anthu 100 oyamba. Ya 2007 sanaimalize, chifukwa timu yonse ya Cofidis inatuluka pamene mnzawo Cristian Moreni anapezeka ndi mankhwala oletsedwa. Zaka zimenezo anthu amazidumpha, koma n'zimene zinamuzoloweza kudzuka tsiku la 15 thupi likuwawa n'kukweranso njinga.

M'bwalo kulemera si vuto kwenikweni. Pansi n'polambalala, mukangonyamuka chofunika ndi mawati (muyeso wa mphamvu) amene mukutulutsa poyerekeza ndi mphepo imene thupi lanu likugunda. Paphiri masamu amasintha: chofunika ndi mawati pa kilogalamu. Nachi chitsanzo chongowerengera, osati manambala a Wiggins. Munthu wotulutsa mawati 440 kwa theka la ola, akulemera makilogalamu 80, ali pa 5.5. Yemweyo akatsika kufika pa 72 mawati osatsika, ali pa 6.1. Pa phiri la mphindi 40 kusiyana kotereku ndi mphindi zitatu kapena kuposerapo. Wiggins ndi wamtali mamita 1.90, ndipo atachoka ku Beijing anataya makilogalamu angapo, mafuta komanso minofu ya kumtunda imene imathandiza kukoka mahandulo ponyamuka m'bwalo koma paphiri n'katundu chabe. Mu 2009, ali ku Garmin, anamaliza Tour pa nambala 4, ndipo pambuyo pake anakwezedwa kukhala wachitatu pamene zotsatira za Lance Armstrong zinafufutidwa.

Kuonda kumeneku n'kumene anthu otsanzira amavulala nako. Mukachepetsa chakudya pa masiku a maphunziro olemera thupi limayamba kudya minofu ya m'miyendo, mawati amatsika pamodzi ndi sikelo, ndipo simunapindule kanthu. Mukaonda mopitirira, chimfine sichikusiyani, tulo timavuta, ndipo thupi silibwerera msanga mukatopa. Amene amachita bwino amataya pang'onopang'ono kwa miyezi, amachepetsa pa masiku opuma, ndipo pa masiku olemera amadya mokwanira, ali panjinga pomwe.

Chaka cha 2010 chikuonetsa kuti kuonda kokha sikunali yankho. Atalowa timu yatsopano ya Sky anapambana chigawo choyamba cha Giro d'Italia ku Amsterdam, koma ku Tour anathera kunja kwa anthu 20 oyamba. Zitatero kaphunzitsidwe kanasintha pansi pa Shane Sutton ndi Tim Kerrison, munthu wa ku Australia amene anachokera ku masewera osambira. Anachepetsa mipikisano, n'kumakhala masabata pa phiri la Teide ku Tenerife, kugona pamalo okwera kuposa mamita 2,000 ndi kukwera mitunda yaitali pa mawati oyezedwa. Mipikisano yochepa imene ankalowayo ankapita kukapambana, osati kukaphunzirira. Mu 2011 anatenga Critérium du Dauphiné, koma ku Tour anagwa pa chigawo cha 7 n'kuthyola fupa la paphewa. Atachira anapita ku Vuelta a España, anavala jezi ya mtsogoleri, n'kukaitaya pa Angliru, phiri limene malo ena limaimirira kupitirira 20 peresenti. Pamenepo ndi pamene panaonekera malire ake. Pa phiri lalitali lotsetsereka pang'ono, 6 kapena 7 peresenti, amakhala pachishalo n'kupalasa mofanana ngati m'bwalo. Pa khoma lotere pamafunika kuimirira ndi kusinthasintha liwiro, ndipo munthu wamtali wa pursuit amatsamwa.

Tsopano masamu a 2012, amene ndikuona kuti ndiwo yankho lenileni. Tour ya chaka chimenecho inali ndi makilomita 101.4 a time trial: 6.4 ku Liège, 41.5 kupita ku Besançon, ndi 53.5 kupita ku Chartres. Zigawo zothera pamwamba pa phiri zinali zitatu zokha: La Planche des Belles Filles, La Toussuire ndi Peyragudes. Vincenzo Nibali anamaliza wachitatu, kumbuyo ndi mphindi 6 ndi masekondi 19. Pa nthawi imeneyo, mphindi 2 ndi masekondi 7 anazitaya ku Besançon, mphindi 3 ndi masekondi 38 ku Chartres. Phatikizani, mupeza 5:45. Ndiye kuti m'mapiri monse Wiggins sanamusiye Nibali ndi kanthu kooneka. Anangokana kusiyidwa, n'kukamaliza nkhani pa wotchi.

Ndipo onani mmene anakanira. Pansi pa phiri kutsogolo kunkakhala anzake a mu Sky: Edvald Boasson Hagen kapena Christian Knees, kenako Michael Rogers, Richie Porte, Chris Froome, aliyense kukoka pa liwiro limodzi mpaka atatheratu n'kupatuka. Nibali kapena Cadel Evans akathawa, a Sky sankadzuka kumuthamangira. Ankangopitiriza pa mawati awo omwewo podziwa kuti wothawayo watenga ngongole ija anena a Sipoko36, ndipo pakapita mphindi zochepa ankamupeza. Imeneyo ndi team pursuit, pursuit ya anthu anayi otsogolera mosinthana, yochitikira paphiri. Ambiri ankati yosasangalatsa kuonera, ndipo sindiwatsutsa, koma inasokedwa molingana ndi thupi la munthu mmodzi, ndipo inamukwana. Chaka chomwecho anali atatenga kale Paris-Nice, Tour de Romandie ndi Dauphiné, ndipo patangopita masiku khumi Tour itatha anapambana time trial ya Olympics ya makilomita 44 ku Hampton Court, kusiya Tony Martin ndi masekondi 42.

Chitunda_Chachitali:

Zikomo kwambiri achemwali, masamu a Nibali aja andimasula. Koma nanga Froome? Ambiri amati akanamulola akanapambana ndi iye. Ndipo bwanji Wiggins sanabwerezenso? Wina andifotokozereko za rekodi ya ola limodzi ija, chifukwa ndimangomva 54.526 osadziwa kulemera kwake.

Wotchi_Yapamkono:

Za Froome, manambala ali motere. Anamaliza wachiwiri, kumbuyo ndi mphindi 3 ndi masekondi 21. Mphindi 1 ndi masekondi 25 anazitaya pa chigawo choyamba chifukwa cha kuphulika kwa tayala pafupi ndi kumapeto. Ku Besançon anataya masekondi 35, ku Chartres mphindi 1 ndi masekondi 16. Paphiri anali wamphamvu kuposa mtsogoleri wake, zimenezo zinaonekera poyera ku La Toussuire pamene anathamanga, Wiggins n'kutsalira, mpaka analamulidwa pa wailesi ya m'khutu kuti adikire, komanso ku Peyragudes. Ngati akanabweza mphindi zitatu m'zigawo ziwiri zimenezo, palibe angalumbire. Kwa ine, pa msewu wa chaka chimenecho timu inasankha bwino. Pa msewu wa mapiri ambiri ikanasankha Froome, ndipo kuyambira 2013 inachitadi zimenezo. Wiggins anayesa Giro ya 2013, anagwa pamtsetse wonyowa ndi mvula, anadwala chifuwa n'kutuluka. Tour sanaikwerenso. Kukhala wowonda choncho ndi kugona paphiri kutali ndi banja si moyo umene munthu angaupirire zaka zambiri ngati mtima wake wakhuta kale. Anatembenukira kwina: nambala 9 ku Paris-Roubaix mu 2014, Tour of California, ndi ukatswiri wa dziko lonse wa time trial ku Ponferrada chaka chomwecho.

Rekodi ya ola ndi yosavuta kuinena: munthu mmodzi, bwalo, mphindi 60, awerenge mtunda. Mu 2014 bungwe la UCI, loyang'anira masewera a njinga padziko lonse, linasintha malamulo n'kulola njinga zamakono za pursuit, ndiye anthu anayamba kuithyola motsatizana. Alex Dowsett, wa ku England yemwenso, anaika makilomita 52.937 ku Manchester mu May 2015. Pa 7 June chaka chomwecho, ku Lee Valley VeloPark mu London, Wiggins anachita 54.526.

Kuti mumve kulemera kwake, igaweni. Ndi maraundi 218 ndi mamita 26. Raundi iliyonse masekondi 16.5, kwa ola lathunthu, osamwa madzi, osadzuka pachishalo, osasiya kupalasa. Yerekezani ndi 15.6 ya pursuit: kusiyana n'kosakwana sekondi imodzi pa raundi, koma uku maraundi ndi 218, kuja 16. Giya yake inali ya mano 58 kutsogolo ndi 14 kumbuyo. Gawani 58 ndi 14, mupeza 4.14, ndiye kuti mapedulo akazungulira kamodzi gudumu lazungulira kanayi ndi kachidutswa. Gudumu limodzi ndi mamita 2.1, choncho kupalasa kamodzi ndi mamita 8.7. Pa mamita 909 pa mphindi, miyendo ikuzungulira ka 104 kapena 105 pa mphindi iliyonse. Mukalakwitsa ndi dzino limodzi kutsogolo mwasintha kazunguliridwe ka miyendo ndi maulendo awiri pa mphindi, ndipo zimenezo mumazimva pa mphindi ya 45.

Chinthu chimene oonera sachiona ndi kukhuthala kwa mpweya. Mpweya wotentha ndi wopepuka, n'chifukwa chake bwalo amalitenthetsa dala, ngakhale kuti likatentha kwambiri wopalasa amapsa mkati n'kufooka. Kutentha mukhoza kukulamula, koma kulemera kwa mpweya wa tsikulo ayi. Tsiku la Wiggins kunja kunali kowala bwino, zimene zimadza ndi mpweya wolemera, ndipo pa geji yoyezera kulemera kwa mpweya panali mamiliba opitirira 1,030. Masiku a mvula ndi mphepo, pamene gejiyo imatsika pansi pa 1,000, ndiwo abwino pa rekodi. Kusiyana kwa 3 peresenti pa kukhuthala kwa mpweya kumabweretsa pafupifupi 1 peresenti pa liwiro, omwe ndi mamita 500 ndi kuposa pa ola. N'chifukwa chake ena amapita kumalo okwera. Victor Campenaerts anakaithyolera ku Aguascalientes ku Mexico mu 2019 ndi 55.089. Kumeneko mphepo yogunda thupi n'njochepa, koma mpweya wopuma nawonso ndi wochepa, choncho muyenera kukakhalako masabata kuti thupi lizolowere. Mu 2022 Dan Bigham anachita 55.548 ndipo Filippo Ganna 56.792, onse ku Grenchen ku Switzerland.

Zimene zimawononga ola ndi zing'onozing'ono. Pa kona iliyonse thupi limakanikizidwa pachishalo, makona ndi awiri pa raundi, ndiye kukanikizidwa kopitirira ka 430. Pokhalira pamachita dzanzi, khosi limauma chifukwa chosuzumira kutsogolo mutu uli pansi, manja amafa. Munthu akangosuntha kufuna mpumulo wataya kagawo ka sekondi. Ndipo cholakwa chachikulu ndi chija chakale: mphindi 20 zoyamba zimaoneka zophweka, gulu likukuwa, munthu n'kuwonjezera pang'ono.

Mlonda_wa_Tcheni:

Akuluakulu, zonse mwanenazi n'zoona, koma tikasiya nkhani ya jakisoni tikhala tamubisira wofunsayu mbali imene anthu amakanganapo kwambiri. Mu September 2016 akuba a pa intaneti odzitcha Fancy Bears anatulutsa zikalata zachipatala za ochita masewera ambiri. Za Wiggins zinaonetsa kuti anapatsidwa chilolezo chobayitsa triamcinolone katatu: Tour ya 2011 isanayambe, Tour ya 2012 isanayambe, ndi Giro ya 2013 isanayambe. Chilolezo chotere amachitcha TUE. Chimalola wodwala kugwiritsa ntchito mankhwala amene ali pa mndandanda woletsedwa, madokotala a bungwe akavomereza kuti akufunikadi. Iye anati anali a mphumu ndi chifuwa chobwera ndi mungu wa maluwa m'nyengo yotentha.

Vuto lake n'lakuti mankhwala amenewa ndi amphamvu, jakisoni mmodzi amagwira ntchito masabata, ndipo opalasa akale amene anavomera kuti ankabera, monga David Millar, ananena kuti amaondetsa munthu mphamvu osatsika. Bwererani pa masamu a achemwali a Nachitedze a mawati pa kilogalamu, muona chifukwa chake anthu anakwiya. Nthawi yakenso inakayikitsa: katatu konse patangotsala masiku ochepa kuti mpikisano waukulu uyambe.

Panalinso phukusi limene linaperekedwa kwa dokotala wa timu kumapeto kwa Dauphiné ya 2011. Dave Brailsford, mkulu wa timu ya Sky panthawiyo, anauza aphungu a ku Britain kuti munali Fluimucil, mankhwala ololedwa ochotsa makhololo. Zolemba zotsimikizira zimenezo sizinapezeke, ndipo bungwe la UK Anti-Doping linatseka kafukufuku mu November 2017 osaimba aliyense mlandu, likunena kuti lalephera kutsimikiza chimene chinali m'phukusimo. Mu March 2018 komiti ya nyumba ya malamulo ya ku Britain inati timuyo sinaphwanye lamulo la mankhwala koma inadumpha malire a chilungamo pogwiritsa ntchito zilolezo kukonzekeretsa wopalasa. Wiggins anakana kwamtuwagalu kuti sanamwepo mankhwala popanda chifukwa cha matenda. Sanaletsedwepo kupikisana, ndipo zimene anapambana zili m'mabuku. Ine ndimaona kuti injiniyo inali yeniyeni, mamendulo a 2004 ndi 2008 akuchitira umboni, koma timu imene inkadzitama kuti imalemba chilichonse mpaka pilo wogonera inalephera kusunga kaundula wa mankhwala, ndipo pamenepo ilibe pothawira.

Sipoko36:

Madala mwachita bwino kuitchula, inayenera kunenedwa. Ndibwererenso m'bwalo, chifukwa wofunsa anati kodi unali mtolo woti autule. Sanautule, anabwerera kukaunyamulanso. Pursuit ya munthu mmodzi inachotsedwa ku Olympics pambuyo pa 2008, choncho chimene anabwerera ndi ya anthu anayi, ndipo anayenera kubwezeretsa makilogalamu aja anataya, chifukwa kunyamula giya yaikulu kuchokera chiimire kumafuna msana ndi mikono.

Ya anthu anayi imayenda chonchi. Amatsatana gudumu ndi gudumu, mpata wa masentimita ochepa, opanda mabuleki. Wakutsogolo ndiye akudya mphepo yonse, akumbuyo amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mphamvu. Akakoka raundi imodzi, imodzi ndi theka kapena ziwiri malinga ndi mphamvu zake, amakwera m'mwamba pa kona n'kutsika kugwera kumbuyo kwa wachinayi. Akatsika msanga amagunda mnzake. Akachedwa pamatseguka mpata, amawononga mphamvu kuutseka, ndipo akafikanso kutsogolo alibe kanthu. Kusinthana kulikonse timu imataya utali wa njinga imodzi, choncho munthu wotha kukoka maraundi awiri liwiro osatsika, ngati Wiggins, amachepetsa kusinthana ndi kupumitsa anzake. Cholakwa cha munthu wamphamvu n'kuwonjezera liwiro akafika kutsogolo: amang'amba timu yake yomwe. Nthawi amaitenga pa gudumu la munthu wachitatu, ndiye mmodzi akhoza kukoka komaliza n'kupatuka, koma atatu otsalawo akamwazikana zonse zapita.

Ku Beijing anali ndi Ed Clancy, Paul Manning ndi Geraint Thomas, anachita 3:53.314. Ku Rio mu 2016 anali ndi Clancy, Steven Burke ndi Owain Doull. Australia inatsogola mbali yaikulu ya fainolo, a Britain sanasinthe ndondomeko yawo, anaipeza m'maraundi omaliza n'kumaliza pa 3:50.265 pomwe Australia inachita 3:51.008. Limenelo ndi liwiro la makilomita 62.5 pa ola. Inali mendulo yake ya nambala 8 ya Olympics, yagolide yachisanu.

Osaiwalanso madison, imene anatengera mendulo yamkuwa ku Athens ndi Rob Hayles. Awiri pa timu, mmodzi akupikisana pansi, mnzake akuyenda pang'onopang'ono m'mwamba mwa bwalo kupuma. Posinthana wopumayo amatsika, wothamangayo amamugwira dzanja n'kumuponya kutsogolo, dzanja linalo lili pakati pa mahandulo kuti njinga isapotoke. Kuponya kofooka kumasiya mnzako akuvutika kukweza giya, ndipo kuphonyana kumatanthauza kuti wotopayo apitirize maraundi ena. Ndi Mark Cavendish anatenga ukatswiri wa dziko lonse ku Manchester mu 2008, koma ku Beijing, Wiggins atatopa ndi ma pursuit awiri, sanapeze mendulo. Anadzautenganso limodzi ku London mu 2016. Mu November chaka chomwecho anapambana mpikisano wa masiku 6 wa ku Ghent, mzinda umene Wiggins anabadwira mu 1980 pamene bambo ake, Gary Wiggins wa ku Australia, ankapikisana m'mabwalo a ku Belgium. Bwalo la kumeneko, 't Kuipke, ndi la mamita 166 okha, makona ake oimirira kwambiri, raundi imatha m'masekondi 10 kapena 11, ndipo matimu onse amasinthana manja m'kampata komweko. Wiggins analengeza zopuma pa 28 December 2016.